Kwa mayi wa ku Nchalo amene mwafunsa za utsi wa fodya ndi vape muli woyembekezera

Achemwali, mwachita bwino kufunsa poyera. Mwati muli ndi pakati pa miyezi isanu, mimba yoyamba, inuyo simusuta koma bambo akunyumba amasutira m'nyumba, ndipo mutadandaula anakagula vape, ndudu yamagetsi ija, ku Blantyre n'kunena kuti imeneyo ndi nthunzi chabe. Mwatinso apongozi anu akukuuzani kuti muziika kafodya kamphuno kuseri kwa mlomo kuti nseru ndi malovu zisiye, komanso akuti mwana akabadwa wochepa thupi ndiye bwino chifukwa simuvutika pochira. Zonsezi zili ndi vuto, ngakhale kukula kwake n'kosiyana.

Mwana amene ali m'mimbayo sapuma yekha. Mpweya ndi chakudya amalandira kuchokera m'magazi anu, kudzera mu nsengwa ndi chingwe cha pamchombo. Mu utsi wa fodya muli zinthu zoposa 7,000, koma zimene zimamupanikiza kwambiri mwanayo ndi ziwiri. Nikotini amafinya mitsempha ya magazi, ndiye magazi opita ku nsengwa amachepa ngati mmene madzi amachepera munthu akaponda payipi yothirira kudimba. Chinacho ndi carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu amene agona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka. Ukalowa m'magazi umalanda malo a okosijeni, ndipo umakakamira mwamphamvu kuposa okosijeniyo ka 200. Inu wamkulu mwina mungomva kamutu kuwawa basi, koma mwanayo ndiye akukula ndi mpweya woperewera.

Mayi amene amasuta yekha amabereka mwana wotsika ndi magalamu pafupifupi 200 poyerekeza ndi wa mayi wosasuta. Amakhalanso pachiopsezo chachikulu chopita padera, chobereka masiku asanakwane, cha nsengwa kuchoka m'malo mwake mwana asanabadwe n'kuyamba kutaya magazi, mwinanso mwana kufera m'mimba. Inu amene mukungopuma utsi wa wina chiopsezo chanu n'chocheperapo, koma chilipo ndithu. Nyumba zathu mumazidziwa: chipinda chimodzi kapena ziwiri, malata otentha, mawindo timatseka dzuwa likangolowa kuopa udzudzu. Bambo akayatsa ndudu atakhala pamphasa usiku, utsi uja sutuluka ayi. Umangozungulira, n'kukakamira mu neti, m'zitenje ndi m'mabulangete, ndipo m'mawa fungo lake limakhala lidakalipo.

Nkhani ya mwana wochepa thupi ndi imene yandikhudza kwambiri, chifukwa ndimaimva pamjigo, kuchigayo, ngakhale pamzere wa kusikelo penipeni. Apongozi anu sakukufunirani zoipa. Anthu a msinkhu wawo anaona anzawo akufera pobereka, chipatala chili kutali, ndiye mantha awo ali pa mwana wamkulu. Koma mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5, kapena wobadwa masabata 37 asanakwane, mavuto ake amayamba tsiku lomwelo. Amalephera kuyamwa, akakoka bere kawiri watopa. Thupi lake limazizira msanga ngakhale kuno kotentha chonchi. Mapapo amakhala asanakhwime. Mayi amakhala masabata kuchipatala atamumangirira mwanayo pachifuwa m'njira ya kangaru, akufinyira mkaka m'kakapu n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, ndipo zikavuta ndi ulendo wa ambulansi kukwera mapiri a ku Thabwa mpaka ku Queens. Ana oterewa ndi amenenso kawirikawiri amapinimbira akamakula. Lipoti la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndi mabungwe ena la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa ana 100 aliwonse. Si fodya yekha amene amachititsa zimenezi, ayi. Kuno kuchigwa mayi woyembekezera akulimbana kale ndi malungo, kuchepa magazi, utsi wa nkhuni kukhitchini, ena mpaka kufukiza ndowe madzulo pothamangitsa udzudzu. Zinazi n'zovuta kuzithetsa lero ndi lero. Utsi wa fodya wokha ndi umene ungachoke m'nyumba mwanu usiku uno popanda kulipira tambala.

Ndaona ndemanga ya bambo wina pamwambapa yoti makolo athu ankasuta chingambwe ndi kaliwo m'nyumba koma ife tinakula bwinobwino. Bambo, amene tinakula ndife tikulemba muno. Amene anaikidwa ndi amayi okhaokha m'mamawa, popanda kulira maliro, sangalembe ndemanga.

Tsopano za vape. Pang'ono bambo akunyumba kwanu akunena zoona: mulibe moto wotentha fodya, choncho phula ndi carbon monoxide mulibe, ndipo munthu amene wasiyiratu ndudu n'kutsala ndi vape yokha wachepetsako poizoni wolowa m'thupi mwake. Koma si nthunzi ya madzi. Ndi timadontho ta mankhwala otenthetsedwa, muli zonunkhiritsa, nthawi zina tizitsulo tochokera ku kawaya kotenthetsera, ndipo pafupifupi zonse zogulitsidwazi zili ndi nikotini, zina wochuluka zedi. Nikotini amadutsa nsengwa n'kukafika kwa mwana, ndipo amasokoneza kakulidwe ka ubongo ndi mapapo. Chimene chimandinyansa pa vape ndi fungo lake la mango kapena switi lija. Ndudu imanunkha, munthu amachita nayo manyazi n'kutuluka panja. Vape amaikoka ali pabedi, akuonera mpira pafoni, mphindi iliyonse, palibe womudzudzula. Ambirinso amene ndikuwadziwa sanasiye ndudu, anangowonjezera: vape kunyumba, ndudu kubawo. Ndiye lamulo likhale limodzi pa zonse ziwirizi. Mwana akadzayamba kukwawa, kabotolo ka madzi a vape kasadzakhale pafupi, chifukwa kamwana kakamwa madzi amenewo, ngakhale ochepa, kakhoza kufa.

Fodya wamphuno musamuyese n'komwe, kaya wofwenkha kaya woika m'kamwa. Utsi mulibe, koma nikotini amalowa m'magazi kudzera m'nkhama, ndipo chibaba chake n'chovuta kuchisiya. Pa miyezi isanu nseru imakhala ikuchepa kale. Muzidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, osakhala ndi njala nthawi yaitali, muzimwa madzi ambiri, tiyi wothira jinja amathandizanso. Ngati mukusanza chilichonse chimene mwadya, pitani kuchipatala. Apongozi musalimbane nawo. Auzeni mwaulemu kuti anamwino aletsa, ndipo ngati n'kotheka apite nanu kusikelo akamve okha.

Bambo nawonso musawayambe ndi mkangano, makamaka atangofika kuchokera kuntchito, dzuwa la ku Nchalo litawawotcha tsiku lonse. Kusiya fodya n'kovuta, masiku oyamba munthu amakwiya msanga, tulo osabwera, ndipo kumunyoza kumangomukankhira ku okala kukagula ndudu ina. Pemphani kaye chinthu chimodzi: asasutire m'nyumba, pakhomo, kapena pakhonde pamene inu mwakhala. Kutsegula windo sikokwanira. Apite kuseri, pansi pa mtengo, akabwera asambe m'manja, ndipo malaya amene amasutira asamagone nawo. Kenako muwatenge kusikelo. Masiku ano amalimbikitsa maulendo 8 mimba isanathe, ndipo m'zipatala zambiri mayi amene wabwera ndi mwamuna wake amathandizidwa msanga. Amuna ambiri zimene mkazi wanena amazitenga ngati kulongolola, koma namwino akawamvetsera kugunda kwa mtima wa mwana n'kuwauza mawu omwewo, amafatsa. Muwauzenso kuti munthu akasiya kusuta, carbon monoxide imachoka m'magazi mwake m'tsiku limodzi kapena awiri, ndiye phindu lake silichedwa. Inuyo musaphonye Fansidar ndi mankhwala owonjezera magazi, ndipo muzigona mu neti ngakhale kutenthe bwanji.

Boma lathu linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, koma palibe wapolisi amene adzabwere kudzazimitsa ndudu kuchipinda kwanu. Ndi nkhani ya pabanja basi.

Mwana akabadwa ndiye m'pofunika kulimbikira kwambiri, chifukwa khanda limapuma mofulumira kuposa wamkulu, ndiye limakoka utsi wambiri pa kathupi kochepa. Ana okulira mu utsi wa fodya amadwaladwala chibayo, chifuwa chosatha, mphumu, ndi khutu lotuluka mafinya, lomwe likabwerezabwereza limawononga kumva. Palinso imfa ija yadzidzidzi, mwana wagona bwinobwino koma osadzukanso. Chiopsezo chake chimakwera khanda likamagona moyandikana ndi munthu wosuta, ngakhale sanasutire pamenepo. Kwathu kuno tonse timagona mu neti imodzi, ndiye konzani kuti mwana azigona mbali yanu, chagada, osamufunditsa kumaso, bambo apeze mphasa ndi neti yawo kwa miyezi yoyambirira. Alendo obwera kudzaona mwana m'chikuta, amalume kaya agogo, wosuta asambe m'manja asanamunyamule. Kwa amayi ena muno amene mumasuta kapena kufwenkha ndipo mukuyamwitsa: nikotini amalowa mu mkaka, komabe musasiye kuyamwitsa. Muziyamwitsa kaye musanasute kapena kufwenkha, ndipo muyesetse kusiya fodyayo.

Pakadali pano, mukaona magazi ngakhale ochepa, madzi akutuluka, mimba ikuuma ndi kupweteka nthawi isanakwane, kapena mwana wachepetsa kugunda, musadikire tsiku la sikelo ndipo musayambe mwafunsa mugulu muno, thamangani kuchipatala. Khanda likadzabadwa, likamapuma mothamanga, ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi lisanakwane miyezi iwiri, nthiti zikulowa mkati, kapena likukana bere, pezani kabaza nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.