Ma LED a pa dashibodi akukana kuchepa kuwala: vuto lili pati?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anachotsa mababu akale a m'mageji ndi m'maswichi a galimoto yake n'kuikamo ma LED oyera. Masana zonse zili bwino, koma usiku akumuthobwa m'maso, ndipo akapotokola kabatani kochepetsera kuwala palibe chikusintha. Funso lake ndi lakuti, kodi wapsereza china chake?

Ayi bambo, simunapsereze kanthu. Kabatani kanuko kanapangidwira mababu adyera, ndiye inu mwakapatsa ana osadya.

M'magalimoto ambiri akale, kuseri kwa kabataniko kuli rheostat, kawaya kopiringizika komwe kamatsekereza magetsi. Mavoti omwe kamadula amadalira kuchuluka kwa magetsi odutsamo. Tiyerekeze kuti ndi ka ma ohm 10 (muyeso wa kutsekerezako). Mababu akale asanu ndi atatu a mawati 1.2 amakoka pafupifupi ma ampu 0.8 onse pamodzi, choncho mukapotokola, mavoti ambiri amathera pa kawayako ndipo mageji amazilala mpaka kufiira. Ma LED asanu ndi atatu okoka ma milliamp 20 (ma ampu 0.02) iliyonse amangokoka ma ampu 0.16. Kawaya kaja kangodula mavoti 1.6 basi. Injini ikulira pamakhala mavoti 14, ndiye 12 ndi kanthu akufikabe ku ma LED. Diso lingaone kusiyanako?

Pali chinanso. Ma LED ena ali ndi kachipangizo kake mkati kamene ntchito yake ndi kusunga kuwala pamodzimodzi ngakhale mavoti atsike. Amenewa amauma mutu mpaka pamapeto, kenako amaphethira n'kuzima kamodzi. Pogula, onani ngati alembapo kuti dimmable, kutanthauza kuti amalola kuchepetsedwa kuwala.

Ena amalumikizapo resistor yaikulu, kachipangizo kongodya magetsi n'kuwasandutsa kutentha, kapena kusiyako babu limodzi lakale, kuti rheostat ipeze chodya. Zimathandizako, koma ine sindizikonda. Resistor yotere imatentha zedi, ndipo kuseri kwa dashibodi n'kodzaza mapulasitiki ndi mawaya. Ndinaonapo imodzi itasungunula chikutiro cha waya woyandikana nayo, fungo lake lokhalo!

Chomwe ndingakuuzeni ndi kugula dimmer (chochepetsera kuwala) ya mtundu wa PWM ya mavoti 12. Iyi sichepetsa mavoti. Imayatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi, ndipo mukapotokola imafupikitsa nthawi yoyakayo. Diso limangoona ngati kuwala kwatsika. Sankhani yothamanga kupitirira 200 Hz (kuyaka ndi kuzima ka 200 pa sekondi), chifukwa yochedwa imaonekera kuphethira mukatembenuza mutu usiku. Muidyetse kuchokera pa waya wa maparking, kuti iziyaka pamodzi ndi nyali, ndipo muikepo fyuzi yaing'ono.

Musanadule waya, tengani multimeter, chida choyezera magetsi, muone mbali yomwe galimoto yanu imachepetsera kuwala. Magalimoto ena, kuphatikizapo ma Toyota ambiri, amachepetsera kuwala ku mbali ya negative, ndipo ma dimmer a PWM ochuluka amachitanso chimodzimodzi. Ngati nyali ya swichi yanu yalumikizidwa ku bodi (chitsulo) ya galimoto, komwe ndi negative, magetsi amalambalala dimmer n'kumawala ndi mphamvu zonse. Pamenepo mufunika kumasula waya wa earth wa nyaliyo ku bodi n'kuupititsa ku dimmer, kapena kupeza dimmer yodula ku positive.

Ndipo LED ina ikakana kuyaka mutamaliza, musaitaye msanga. Izuleni, itembenuzeni, ibwezereni. Ambiri amalola magetsi mbali imodzi yokha.