Funsani Akadaulo: Ntchito zitatu, munthu mmodzi

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Lolemba mpaka Lachisanu ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulaiveti, Loweruka ndimajambula zithunzi ndi vidiyo m'maukwati ndi m'zinkhoswe, ndipo usiku ndimapangira anthu maposita pa laputopu. Pano ndili ndi mavidiyo a maukwati asanu omwe sindinawakonze. Foni ikalira mtima umagunda poganiza kuti ndi akwati akufuna zawo. Ndimagona 2 koloko usiku, m'kalasi ndimangosinza, ndipo kamera yomwe ndinkaikonda yayamba kundinyansa. Ndisiye chiyani?
Wasowa Mtengo Wogwira, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, tisanafike pa zosiya, tengani kope tiwerengere limodzi maola.

Sabata ili ndi maola 168. Chotsanipo 49 ogona, chifukwa munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 usiku uliwonse. Chotsaninso 40 a kusukulu, 10 a pa minibasi, 21 a kudya, kusamba ndi zapakhomo, ndi ena 8 a kutchalitchi, kumaliro ndi kuona abale. Mwatsala ndi 40, ndipo sitinawerengere kuchonga makope a ana.

Tsono ukwati umodzi umadya maola angati? Tsiku lenilenilo, kuyambira ku saluni m'mawa mpaka perekaniperekani atatha, ndi maola 12. Kusankha ndi kukonza zithunzi, ikani 10. Vidiyo, ikani 20. Zonse pamodzi ndi 42. Ukwati umodzi wokha wamaliza sabata yanu yonse, maposita asanalowepo. Ojambula ambiri akamalandira ntchito amangoona ngati Loweruka lilibe munthu, kuiwala maola 30 a pa laputopu amene amabwera m'mbuyo mwake. Mukalandira maukwati anayi pa mwezi, ngongole ya maola imakula sabata iliyonse ndipo imabwezedwa ndi tulo. Manambala athuwa ndi oyerekeza. Pa ukwati wotsatira lembani nthawi yoyambira ndi yomalizira nthawi iliyonse mukakhala pa laputopu, mupeze anuanu.

Yambani ndi maukwati asanu aja. Asanu kuchulukitsa ndi maola 20 ndi 100. Ngati mungapeze maola 20 pa sabata, ndiye masabata asanu, ndipo onjezerani imodzi ya kuthimathima kwa magetsi ndi zogwa mwadzidzidzi. Banja lililonse lipatseni tsiku lake, wakale kwambiri akhale woyamba, ndipo muwalembere inuyo asanakuimbireni: "Pepani kwambiri chifukwa chochedwa. Vidiyo yanu mudzailandira pa 14. Mawa ndikutumizirani zithunzi 30 ndi kavidiyo ka mphindi zitatu." Chimene chimakwiyitsa kasitomala kwambiri ndi foni yosayankhidwa komanso "mawa" wosatha. Pa masabata amenewa musalandire ntchito ina ya vidiyo. Ukwati wofuna zithunzi zokha mukhoza kulandira.

Kakonzedwe kakenso kamataya nthawi. Musatsegule chithunzi choyamba n'kuyamba kuchikongoletsa. Dutsani kaye zonse mukungosankha, masekondi awiri pa chithunzi, kuti pa 1,500 mutsale ndi 400 kapena kucheperapo. Kenaka zigaweni potengera kuwala: za m'tchalitchi, za panja, za mu holo. Mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, konzani chimodzi pagulu lililonse, zimene mwasinthazo muzikopere pa zinzake zonse, n'kubwerera pa zochepa zomwe zakana. Ku vidiyo, ngati laputopu yanu ndi yofooka, kujambula mu 4K (vidiyo yooneka bwino kwambiri koma yolemera) n'kudzipha nokha, chifukwa imaimaima pa kadulidwe kalikonse. Jambulani mu 1080p, yomwe ndi yopepukirapo, kapena pangani ma proxy (makope opepuka a mavidiyo ogwiritsa ntchito podula) musanayambe kudula. Perekaniperekani ndiye amatalikitsa ntchito. Gwirizanani ndi komiti pasadakhale ngati akumufuna yense kapena wodula. Akafuna yense, kamera imodzi ikhale pa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu) izingojambula, mudzamuike momwemo osadula.

Usiku wa ukwati womwewo koperani memori khadi m'malo awiri, pa laputopu ndi pa hard drive, ndipo musafufute khadiyo musanatsegule mafayilo n'kuona kuti akusewera. Magetsi akathima mukukopera, fayilo imatha kuoneka ngati ilipo koma ili yoonongeka. Ntchito zolemera ngati kutulutsa vidiyo yomaliza muziziika pa maola amene ndondomeko ya ESCOM ikusonyeza kuti kwanuko magetsi akhalapo, batire litadzaza.

Tsopano funso lanu loti musiye chiyani. Ntchito iliyonse ipezereni mtengo wa ola limodzi. Tiyerekeze kuti ukwati mwalipiritsa K420,000, ndipo thiransipoti, wokuthandizani, kubwereka magetsi ojambulira, flash ndi alubamu zadya K210,000. Yotsalayo mukaigawa ndi maola 42 ndi K5,000 pa ola. Posita ya K15,000 yotenga maola awiri ikukupatsani K7,500 pa ola; koma kasitomala akaibweza kasanu kuti musinthe mtundu, maola afika asanu ndipo yatsika kufika K3,000. Yomwe ili pansi penipeni ndiyo muikweze mtengo kapena muisiye. Nthawi zambiri pansipo pamapezeka vidiyo, ndipo njira yake ndi kuipereka kwa mnzanu wokonza mavidiyo, malipiro ake muwaphatikize mumtengo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pa ntchito iliyonse yatsopano, mfundo izi zilembedwe ngakhale pa WhatsApp pomwe: theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena Mpamba musanasunge tsiku, yotsala ilipidwe musanapereke katundu, zithunzi pakatha masabata anayi, vidiyo asanu ndi atatu, kusintha n'kawiri kokha, kachitatu n'kolipira. Chofunika kwambiri, wolankhula nanu akhale mmodzi. Mukalola tcheyamani wa komiti, ankhoswe, mayi a mkwatibwi ndi akwati eniake aliyense kumatumiza zake, vidiyoyo simudzaimaliza. Makasitomala apatseni nambala ya WhatsApp Business, muikepo uthenga wodziyankha wokha wonena nthawi yomwe mumayankha, monga 1 koloko masana ndi 6 koloko madzulo, ndipo nthawi ya kalasi foniyo ikhale m'chikwama.

Za kunyansidwa ndi kamera musazitenge mopepuka. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kutopa kotheratu kobwera ndi ntchito ndi zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuipidwa ndi ntchito yomwe ukugwira, ndi kuyamba kuigwira mosalongosoka. Zonse zitatu zili m'kalata yanu. Laputopu izitsekedwa 10 koloko usiku, ndipo Loweruka limodzi pa mwezi likhale lopanda ntchito. Ngati padutsa masabata awiri tulo tisakubwera ngakhale mwagona msanga, chakudya chisakulowa, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, pitani kuchipatala msanga. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli a St John of God, ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo, ndipo mutha kuyambira pachipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi.

FUNSO: Masana ndimagulitsa kaunjika, madzulo ndimathandizira mawu m'nyimbo za anthu ku studio, Lamulungu ndimatsogolera kwaya. Achibale akakhala ndi mwambo amati ndikaimbe ulere. Nyimbo zangazanga zangokhala m'foni chaka chachitatu tsopano.
Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

YANKHO: Mayi, nyimbo zanuzo zikukhalira chifukwa ndi ntchito yokhayo yomwe ilibe munthu wokuimbirani foni kuti mwafika pati. Ipatseni nthawi yake ngati kasitomala: m'mawa kawiri pa sabata, ola limodzi ndi theka, musanapite kumsika. Usiku mutaima tsiku lonse n'kuimba ku studio, mutu sungapeke kanthu ndipo mawu amakhala atasasa. Sankhani nyimbo imodzi yokha, lipirani dipoziti ku studio ya tsiku lomwe lili masabata asanu ndi limodzi kutsogolo. Ndalama ikapita, mudzaimaliza.

Mawu ndiwo mpamba wanu. Kuitanira malonda mokuwa tsiku lonse kenaka n'kukaimba maola atatu kumatupitsa minofu ya mawu. Tsiku la studio chepetsani kukuwa, imwani madzi pafupipafupi, ndipo kusasa kukapitirira masabata atatu kaonaneni ndi dokotala.

Achibale musawakanire mwamwano, koma dziikireni malire, monga miyambo iwiri yaulere pa chaka. Kwa akuluakulu munganene kuti: "Malume, tsiku limenelo ndinapangana kale ndi ena, koma ndibwera kudzaimba nyimbo imodzi nthawi yodula keke." Nyimbo imodzi ndi mphindi zisanu, pomwe kutsogolera mwambo wonse ndi masiku atatu mukaphatikiza zokonzekera.

Ku studio funsani musanaimbe ngati akukulipirani kamodzi kokha kapena muli ndi gawo m'nyimboyo, makamaka ngati mwapekako kolasi, ndipo zilembedwe. Nyimbo zanu zikatuluka kazilembetseni ku COSOMA, bungwe lomwe limatolera ndalama za eni nyimbo zikamaseweredwa pa wailesi ndi m'malo ena.

FUNSO: Ndimagwira ntchito mu ofesi koma zojambulajambula zayamba kundipatsa ndalama. Ndisiye ntchito?
Wokayika, Mzuzu

YANKHO: Musaweruze ndi mwezi wa Okutobala kapena Disembala pamene miyambo ili mbwee. Lembani phindu lenileni, mutachotsa zonse zomwe mwagula, kwa miyezi 12, kuti muone mmene zimakhalira mu Januwale mpaka Malichi, mvula ili mkati ndipo ndalama za anthu zapita ku feteleza ndi fizi. Phindu la miyezi yovutayo likamakwanira lendi ndi chakudya, komanso mwasunga ndalama yokhalira miyezi itatu osagulitsa kanthu, mutha kuyamba kuganiza zochoka. Powerengera malipiro a ku ofesi phatikizanipo penshoni: abwana amakuikirani 10 peresenti pamwamba pa 5 yomwe amakudulani, ndipo mukachoka yonseyo muzidzisungira nokha. Funsaninso ngati angakuloleni kugwira masiku atatu kapena anayi pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi musanalembe kalata yosiya ntchito.