Timbalame ta m'dambo tikuthawa foni yanga, nditani?

Mphunzitsi wina wa ku Santhe wanditumizira imelo: "Ndimakonda timbalame toyenda m'mphepete mwa madzi kudambo kwathu, koma ndikangoyandikira ndi foni timauluka. Kodi ndigule kamera ya lenzi yaitali?"

Aphunzitsi, ndalamazo zisungeni kaye. Chikuthawitsa mbalamezo n'choti inu mukuzitsata. Zikaona munthu ali chilili akuzilunjika zimamutenga ngati mlenje, ndipo za kwathu kuno malegeni zawaona okwanira. Lawirirani kusanache, mupeze pamene matope ali ndi timapazi ndi timabowo ta milomo, muyale saka, mukhale pansi dzuwa likamatuluka likhale kumsana kwanu. Malaya oyera asiyeni kunyumba. Ndiye mungoti zii. Pakatha mphindi 20 kapena 30 zimayamba kubwerera zokha.

Ndinatero tsiku lina mu Novembala padamu la Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu. Kambalame kabulauni ka mimba yoyera, kogwedeza mchira mosalekeza, kamene mabuku amakatcha common sandpiper, kanabwera kakujompha matope mpaka ndinaona kadontho ka madzi kakulendewera kunsonga kwa mlomo wake. Mtima unagunda, chifukwa ndinkadziwa komwe kachokera. Kamalemera pafupifupi magalamu 50, ngati dzira la nkhuku, koma kamaswana ku Ulaya ndi ku Russia, n'kufika kuno cha mu Seputembala, kubwerera cha mu Epulo. N'chifukwa chake Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yabwino: alendowa afika, madzi aphwa, matope ali pamtunda, zonse zaunjikana pamadzi ochepa otsalawo.

Pojambula tsitsani foni ifike pafupi ndi nthaka, ilingane ndi diso la mbalame, mugunde pasikirini ya foni pamene pali disolo kuti liwoneke bwino. Kukoka chithunzi ndi zala kumangochiwononga. Ngati mungabwereke mabainokyula, gunditsani kamera ya foni pagalasi lake limodzi. N'kovuta poyamba koma dzanja limazolowera.

Pamene pali maluwa a m'madzi yang'anani jacana, ya zala zazitali yoyenda pamasamba. Yofungatira mazira ndi yaimuna, ndipo ikaopa imanyamula anapiye m'mapiko, timiyendo tokha n'kumalendewera. Chithunzi chimenecho ine ndikuchisakabe.

Chimodzi ndikupempheni. Mbalame ya mtundu wa lapwing ikayamba kukuwa n'kumakuzungulirani pamutu, bwererani m'mapazi momwe munadzera. Imaikira pansi poyera, mazira ake amafanana ndi dothi, mutha kuwaponda osadziwa, ndipo make akachokapo nthawi yaitali dzuwa la Okutobala limawapha.

Musalowe m'madzi odikha opanda magambutsi, muli likodzo. Ku Lifupa kuli mvuu, ndipo m'mamawa momwemo ndi pamene zimabwerera kumadzi kuchokera kodya. Kumeneko pitani ndi mlonda wa nkhalango, akusonyezeni yekha poyala sakalo.