Mwana akufuna sukulu ya zoswetsa nsomba, achibale akuseka

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamkazi wakhoza MSCE ndipo akufuna kuphunzira zoswetsa nsomba, koma achibale akuti nsomba sizifuna sukulu. Mayi, mawu amenewo andiwawa. Osekawo muwafunse: bwanji madamu ambiri kumudzi amadzaza tinsomba tokwinimbira?

Vuto ndi mbewu. Mlimi amapempha tiana kwa mnzake, nayenso anapempha kwa wina, nsomba zapachibale n'kumaswana zokhazokha. Pokolola amagulitsa zikuluzikulu, tonyentchera n'kutsala kukhala makolo. Makumba amayamba kuswana adakali aang'ono, damu limadzaza, madeya osakwanira. Wodziwa ntchito amasankha makolo, n'kuika yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu mu hapa, kaukonde kotchinga m'damu kaja. Amadziwa kuti makumba ndi chambo zimafungatira mazira m'kamwa, pomwe chilunguni chimaikira pachisa n'kumalondera. Amadziwanso kuti mu Juni ndi Julayi madzi akazizira kutsika madigiri 22 kuswana kumazilala, ndiye salonjeza mlimi mbewu nthawi imeneyo.

Mlamba ndiye wovuta zedi. M'damu suswana chisawawa. Waukazi umabayidwa jakisoni wa Ovaprim, mankhwala okhwimitsa mazira, theka la mililita pa kilogalamu, ndipo madzi akakhala ofunda bwino, pakatha maola 10 mpaka 12 mumaufinya pamimba mazira atuluke. Waumuna sufinyika, mumachita kuung'amba kuti mupeze umuna. Mukachedwa kufinya, mazira awonongeka. Amaswa pakatha pafupifupi tsiku limodzi, koma ntchito yeniyeni ili kutsogolo: timene takula msanga timameza tinzake, choncho mukapanda kusankhula kawirikawiri mudzapeza tochepa tonenepa, tina tonse tili m'mimba.

Nanga kunyamula? Mbewu yambiri imafera panjira. Tiana tisadye tsiku lathunthu ulendo usanayambe, apo ayi tiipitsa madzi m'jumbo. Jumboyo madzi akhale gawo limodzi, mpweya wa okosijeni magawo awiri. Mukafika musakhuthule pomwepo. Iyandame padamu mphindi 15 kapena 20 kuti kutentha kufanane. Ndipo wina akamunong'oneza mwana wanuyo za nsomba ya Nile tilapia kuti imakula msanga, akane. Kuno ndi yoletsedwa, chifukwa ikalowa m'nyanja ingasokoneze chambo chathu.

Apa ndiye sindinyengerera: sukulu yophunzitsa zonsezi pabolodi pokha, yopanda damu, ndi kutaya fizi. Wolemba ntchito adzafuna munthu wodzuka mbandakucha, nthawi imene mpweya umachepa m'madzi, woti akaona nsomba zikuyasamula pamwamba adziwe kuti aleke kuthira manyowa, alowetse madzi atsopano. Woviika mkono mpaka m'chigongono, chikhatho chikamaonekabe n'kudziwa kuti madzi sanabiriwire mokwanira.

Tsono apite kuti?

Ku LUANAR, kampasi ya Bunda, kuli digiri ya zaka zinayi ya ulimi wa nsomba, ndipo madamu ali pomwepo. Mzuzu University nayo ili ndi digiri ya za nsomba ndi zam'madzi. Zonse ziwiri amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Biology ndi Masamu zikhale zolimba. Mapointi akavuta, kuli Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, ya Dipatimenti ya Usodzi. Ntchito zili ku boma, kumabungwe, kumakampani oweta m'makheji, kapenanso kugulitsa yekha mbewu. Podikira kusankhidwa, akapemphe kuona ntchito ku National Aquaculture Centre ku Domasi, kapena kwa mlimi woswetsa amene ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu ingamulozere. Atenge magambutsi.