Achemwali, amla sangabweze tsitsi limene meshi ikuzula

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Tsitsi lake la m'mphepete mwa chipumi likutha, ali ndi mwana wa miyezi isanu, ndipo meshi sachotsa kumutu chifukwa cha kuntchito. Wagula ufa wa amla, bhringraj ndi shikakai kwa munthu wina wa pa Facebook amene wamulonjeza kuti pakutha pa mwezi tsitsi likhala litamera. Akufuna kudziwa kasakanizidwe kake, komanso ngati zitsamba za ku India zimagwira ntchito pa tsitsi la ife anthu akuda.

Achemwali, kalata yanu yandifika pamtima, chifukwa njira imene mukuyendayo ine ndinadzeramo. Ndine mmodzi wa atsikana amene tinakula tikumeta. Ku pulayimale kumeta, ku sekondale kumeta, tsitsi likangoti tumphu aphunzitsi akubweza pageti. Titalemba mayeso a Fomu 4 aliyense anathamangira ku saluni kukathira mankhwala owongola tsitsi, kenako meshi, kenako wigi yosokera. Palibe anatikhazika pansi n'kutiuza zimene tsitsi lathu lobadwa nalo limafuna. Amene ankadziwapo kanthu anali agogo anga, omwe ankayenga mafuta a nsatsi: kukazinga, kusinja mumtondo, kuwiritsa, kenako kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Ankadzola kumutu ndi kumapazi, ndipo anamwalira tsitsi lawo la imvi lili lodzaza mutu wonse. Luso limenelo linapita nawo kumanda, palibe mwa ife analitola.

Nditabereka mwana wachiwiri, tsitsi langa la m'mbali linayoyoka ngati lanulo. Ndikamapesa chipeso chimadzaza. Ndinkamanga duku ngakhale m'nyumba mwanga momwe, ndipo pa ukwati wa mng'ono wanga ndinakana kujambulitsa. Amene sanazionepo amati ndi tsitsi chabe. Si tsitsi chabe ayi. Mkazi amene akuopa kuti mphepo imuvula duku pamsewu sakhala womasuka, ngakhale kuseka kwake kumasintha.

M'nyengo yomweyo azakhali anga anadwala matenda amene madokotala anati akaonedwe ku India, ndipo banja linasankha ine kuti ndikawadikirire. Tinapita ku Chennai, likulu la dera la Tamil Nadu, mzinda umene umalandira odwala ambiri ochokera kuno ku Africa. Ndinkagona m'kachipinda ka lendi pafupi ndi chipatala, panyumba pa gogo wina wachitamil. Lachisanu lililonse m'mawa gogoyu ankakhazika mdzukulu wake pansi pakhonde la kuseri. Ankatenthetsa mafuta a chitowe pang'ono chabe, ataponyamo timasamba ta curry ndi tinjere ta tsabola wakuda, n'kuyamba kumudzoza kumutu ndi nsonga za zala, pang'onopang'ono, akucheza. Mafutawo ankakhala kumutu mwina ola limodzi. Kenako ankakanda ufa wa shikakai m'madzi, n'kumusambitsa nawo mpaka mafuta onse atachoka. Tsitsi ankaliumitsa ndi utsi wa lubani amene iwo amati sambrani, n'kuliluka nkhosi imodzi yolobodoka, n'kuikamo maluwa. Kwawoko mwambo umati akazi asambe mafuta Lachiwiri ndi Lachisanu, amuna Lachitatu ndi Loweruka, ndipo m'bandakucha wa chikondwerero cha Deepavali banja lonse limatero.

Tsiku lina anandikodola kuti nane ndikhale pansi. Nditavula duku anagwira malukidwe anga, anayesa kulowetsa chala pansi pake koma chinakana. Anapukusa mutu nthawi yaitali. Chinenero sitinkamvana kwenikweni, koma ndinamva zonse. Anakana kundidzoza mpaka nditamasula, ndipo madzulo amenewo iye ndi mdzukulu wake anandithandiza kumasula mutu wonse. Sindidzaiwala mmene khungu langa linapumira, kapena mmene ndinagonera usiku umenewo osamva kukoka m'mitsempha ya kumutu.

Ku Chennai komweko ndi kumene ndinamva za Tirupati, ulendo wa maola ochepa kuchokera mumzindawo, ku dera la Andhra Pradesh. Paphiri la Tirumala pali kachisi wa Venkateswara kumene anthu miyandamiyanda amapita kukameta mpala pokwaniritsa zimene analonjeza mulungu wawo. Akazi amene asunga tsitsi lofika m'chiuno kwa zaka zambiri amalipereka tsiku limodzi. Akuluakulu a kachisiyo amaligulitsa pa okushoni, mafakitale amalitsuka ndi kulisanja, ndipo lina mwa ilo ndi limene limafika m'mashopu athu ndi dzina loti Indian hair, pa mtengo woti munthu akhoza kulipira lendi. Zimenezi zinandipweteka mtima ndipo zimandipwetekabe. Tsitsi limene mayi wa kumeneko analisamala ndi manja ofewa ife tikulisokera pamutu mwamphamvu mpaka lathu kuzuka, kenako tikupita kukagula mafuta a mayi yemweyo kuti lathulo limerenso.

Choncho ndikuuzani mosapsatira, achemwali: amene wakulonjezani mwezi umodzi wakunamizani. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo muzu umene wagona umatenga miyezi itatu kapena kuposa kuti uyambenso kutulutsa tsitsi. Palibe ufa umene umasintha zimenezo. Inu muli ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba ndi kuyoyoka kwa uchembere, kumene kumayamba miyezi iwiri mpaka inayi mwana atabadwa, mahomoni a pathupi akatsika, ndipo kwa amayi ambiri kumatha kokha mwana akamakwanitsa chaka. Chachiwiri ndi kukoka kwa meshi, kumene madokotala amati traction alopecia. Kumeneku sikutha kokha. Mukapitiriza kwa zaka, mizu imafa, pamakhala chipsera chosalala, ndipo pamenepo ngakhale dokotala sangabwezepo kanthu. Kudzola bhringraj meshi ikadali kumutu kuli ngati kuthira feteleza m'munda mbuzi zikadali momwemo.

Sindikunyoza Ayurveda ayi, ndimailemekeza kwambiri. Ndi chipatala cha makolo a ku India chimene chinalembedwa m'mabuku kalekale, ndipo limodzi mwa mabukuwo, Charaka Samhita, limalangiza kudzoza mutu ndi mafuta a chitowe nthawi zonse pofuna kupewa dazi, imvi ndi kupweteka kwa mutu. Boma la India linachita kukhazikitsa unduna wake woona za zipatala za makolozi mu 2014, wotchedwa AYUSH. Ku Kerala amaphika mafuta otchuka a Neelibhringadi, osakaniza masamba a neeli (chitsamba chotulutsa utoto wabuluu), bhringraj ndi amla m'mafuta a kokonati kapena a chitowe. Chimene ndimakana ndi kuzula chinthu chimodzi m'mwambo wonse n'kuchigulitsa m'kapepala kopanda dzina ngati chozizwitsa. Gogo wa ku Chennai uja analibe chozizwitsa. Anali ndi manja, nthawi, madzi osambira ndi malukidwe olobodoka, sabata ndi sabata kuyambira mwana ali wamng'ono.

Pa zimene munagulazo, chilichonse chili ndi ntchito yake yeniyeni. Amla ndi chipatso chowawasa chobiriwira, chouma n'kusinja, ndipo chimapangitsa tsitsi kuoneka lakuda ndi lolimba. Shikakai ndi zikhokhombe za chitsamba choyanga cha minga, zili ndi thovu lachilengedwe, ndiye ntchito yake ndi ya sopo, si yomeretsa. Bhringraj ndi kaudzu kamaluwa oyera kokonda malo onyowa, ndipo kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri wonena kuti amameretsa tsitsi anachitika pa makoswe. Chimene chili ndi umboni womveka ndi mafuta enieniwo. Mu 2003 ofufuza awiri a ku India, Rele ndi Mohile, anayerekeza mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi mineral oil (mafuta ochokera pansi pa nthaka, gwero limodzi ndi petulo), napeza kuti a kokonati okha ndiwo ankachepetsa kutayika kwa puloteni ya m'tsitsi, chifukwa amalowa m'kati mwa tsitsilo. Ankagwira ntchito ku kampani yopanga mafuta a kokonati, zimenezo tisabise, koma zimene anapezazo zimagwirizana ndi zimene manja anga aona. Tsitsi lathu lopotana limaduka msanga pamene lapindika. Ambiri amene amati tsitsi lawo silikula, limakula ndithu, koma limaduka kunsonga pa liwiro lomwelo. Apa ndi pamene mafuta amathandiza, ndipo amathandiza mutu wa Mtamil ndi wa Mchewa chimodzimodzi.

Muwerengenso kuseri kwa botolo musanagule, kaya ku Limbe m'masitolo a amwenye kaya kwina. Mabotolo ambiri olembedwa amla ndi zilembo zikuluzikulu amayamba ndi mineral oil kapena liquid paraffin, amla weniweni ali kumapeto, kuphatikiza utoto wobiriwira ndi zonunkhiritsa. Si poizoni, koma si zimene mukuganiza kuti mukulipira. Ndipo pali zinthu ziwiri zimene ndimachenjeza aliyense mwamphamvu. China ndi hena wakuda, utoto wopaka tsitsi. Hena weniweni amafiiritsa tsitsi ndipo sachoka. Amene amadetsa bii m'mphindi zochepa nthawi zambiri amakhala atathiridwa mankhwala otchedwa PPD, amene ena amatupa nawo nkhope ndi kutuluka matuza. China ndi mapilitsi ndi maufa akumwa amene ogulitsa omwewa amakonda kuwonjezera kuti tsitsi likule kuchokera m'kati. Mu 2004 ofufuza a ku Boston, ku America, anagula mitundu 70 ya mankhwala akumwa a Ayurveda m'masitolo a kumeneko, napeza kuti mwa 14 munali zinthu zapoizoni: mtovu, mercury kapena arsenic. Inu mukuyamwitsa. Musamwe chilichonse chimene simukudziwa kumene chachokera.

Zimandidabwitsanso kuti tikuitanitsa ufa wa nimu pa intaneti pamene mitengo yake yadzaza ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Salima. Mtengowu kwawo ndi ku India komweko, ndipo amwenye amawiritsa masamba ake kutsukira mutu woyabwa. Chitowe chimalimidwa ku Shire kumunsi. Nsatsi zimamera zokha kuseri kwa nyumba ndi m'mabwinja. Ndikanakonda mtsikana wina atapita kumudzi kukakhala ndi agogo amene akadayengabe mafuta a nsatsi, n'kuphunzira asanatisiye onse.

Tsono muchite chonchi

Masulani meshi sabata ino, ndipo mutu upume miyezi ingapo. Ngati kuntchito n'kovuta, lukani mizere ikuluikulu yolobodoka n'kuvala wigi yongoika, yopanda guluu, muzivula mukafika kunyumba. Woluka akamakoka mpaka maso kutsekeka, muuzeni asiye, ndalama ndi zanu ndipo mutu ndi wanu.

Mu theka la kapu ya mafuta a kokonati kapena a chitowe thirani sipuni yaikulu imodzi ya amla ndi imodzi ya bhringraj. Ikani m'botolo louma, muliviike m'madzi otentha kwa kanthawi, lisiyeni masiku angapo, kenako sefani pa kansalu koyera. Yambani mwapaka pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira masiku awiri kuti muone ngati khungu silikana. Dzozani kamodzi pa sabata musanasambe mutu, ola limodzi lakwana, kenako tsukani. Musasiye mafuta pakhungu milungu yathunthu, makamaka ngati muli ndi mfundu, chifukwa tizilombo toyambitsa mfundu timadya mafuta. Shikakai musamupake ngati phala mmene amachitira amwenye, ufawo umakanirira m'tsitsi lathu. Muviikeni m'madzi otentha, sefani, tsukirani madzi akewo mutatsinzina chifukwa amaluma m'maso koopsa, ndipo mutsirize ndi conditioner poti amaumitsa tsitsi. Madzi otsala tayani, akagona amachita nkhungu.

Mukaona kuti pamene tsitsi linathapo pakhala posalala ndi ponyezimira, kapena pali zipere, zilonda ndi kuyabwa kosatha, musataye nthawi ndi maufa. Pitani kuchipatala akakuoneni a matenda a khungu, ndipo muwapemphe akuyezeninso magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi mwa mayi woyamwitsa nako kumayoyola tsitsi.