Za ka Q kokusautsani pa Scrabble paja

Achimwene, mwafunsa kuti pa Scrabble, gemu ija yopanga mawu a Chingerezi ndi zilembo, mungatani chilembo Q akakukakamirani m'manja U palibe, inetu vuto limeneli linandidyetsa manyazi pa khonde pa mnzanga wina kuno ku Mangochi boma, kutentha kuli phuliphuli ine thukuta kamukamu ka Q kali phee mpaka gemu kutha, anandichotsera mapointi 10 onse.

Mawu oti muloweze ndi QI, zilembo ziwiri basi, amatanthauza mphamvu ya moyo m'chikhulupiriro cha Matchaina. Palinso QAT, masamba aja amatafuna ku Yemen ndi ku Somalia. Z nayenso ndi wa mapointi 10, muike ZA, chidule cha pizza, anthu amakangana nawo mawu amenewa koma mu dikishonale ya Collins alimo. XU ndi kandalama ka ku Vietnam, JO ndi wokondedwa m'chiyankhulo cha ku Scotland, J ndi X onsewa ndi a 8.

Koma chimene chimandisangalatsa ine n'choti KWACHA ndi TAMBALA amaloledwa, eetu ndalama zathu zomwezi! KWACHA yekha amakupatsani 18 musanawerengere mabokosi a utoto ochulukitsa mapointi aja, ndiye TAMBALA ali ndi zilembo 7, mukatsitsa zonse kamodzi mumalandira bonasi ya 50. TILAPIA ndi CICHLID chimodzimodzi, 7 onse, ndipo ife a kunyanja sitingaiwale poti chambo ndi mbuna zili m'banja la ma cichlid lomwelo.

Musanayambe gemu gwirizanani kaye dikishonale yomwe mutsatire, apo ayi mudzatsutsana mpaka nsima kuzizira.