Magalimoto akamalankhula onse nthawi imodzi

Achimwene ena andilembera imelo. Akuyesa pa ns-3, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekezera maneteweki, mmene magalimoto amachenjezerana pa wailesi, koma magalimoto akachuluka pamsewu mauthenga akutayika. Akufunsa: kodi ndikweze mphamvu ya wailesi?

Funsoli landikhudza achimwene, chifukwa ndili pasukulu ndinataya miyezi pa msampha womwewu. Usiku ndinkakweza mphamvu, kukacha n'kupeza zinthu zaipiratu. Wondiyang'anira ankangoti "yesanso", osandiuza gwero lake. Tulo tinandithawa. Chinanditsegula maso ndi kwathu kumudzi. Wolengeza maliro usiku amafuula n'kupitirira, palibe womuyankha kuti "tamva". Ngati wina akufuula kutsidya nthawi yomweyo, apakati amangomva phokoso.

IEEE 802.11p, ndondomeko yomwe magalimoto amalankhulirana pa wailesi, yomwe inavomerezedwa mu 2010, ili chimodzimodzi. Uthenga wopita kwa onse ulibe ACK, yankho lija loti "tamva". Galimoto sidziwa kuti mawu ake agundana ndi a inzake, ndiye sibwereza, komanso siwonjezera nthawi yodikira. Tsono iliyonse ikulengeza malo ndi liwiro lake mpaka kakhumi pa sekondi. Zoopsa kwambiri ndi galimoto ziwiri zotalikirana zosamvana: iliyonse imamva kuti kuli zii, n'kuyamba kulankhula, ya pakati n'kusatola kanthu. Mukakweza mphamvu, mwangokulitsa dera lomwe galimoto iliyonse ikusokosera anzake. Pamenepa sindigonja: amene amathamangira mphamvu sanamvetse vutoli.

Ndipo mpata wa magalimoto pa wailesi ndi wochepa kale. Ku America, FCC, bungwe loyang'anira mawailesi, inapatulira magalimoto 75 MHz pa 5.9 GHz mu 1999, koma mu 2020 inachotsapo 45 MHz n'kupereka kwa Wi-Fi. Zimandipweteka, chifukwa apa tikukamba za miyoyo ya anthu pamsewu. Ena amati C-V2X, njira ina yolankhulirana magalimoto yochokera ku luso la mafoni am'manja, yathetsa zonse. Ayi. Pa C-V2X galimoto imasungitsa mpata wake wolankhulira, koma ziwiri zikasankha mpata umodzi, zimagundana mobwerezabwereza osadziwa.

Nanga muchite chiyani?

Wailesi ikadzaza, galimoto iliyonse ichepetse kulankhula ndi mphamvu yomwe. A ETSI, bungwe lokonza ndondomeko zoterezi ku Europe, amazitcha DCC (Decentralized Congestion Control), kawerengeni zimenezo. Uthenga wa ngozi asaubwereze onse, ayambe ndi amene ali kutali kwambiri, ena akaumva akhale chete. Ndipo poyeza musangowerenga mauthenga ofika. Yang'anani kuti galimoto yapafupi yakhala nthawi yaitali bwanji osamveka, pamtunda uliwonse payokha.